Magalasi a woweruza

Ndimaganizira kawirikawiri za magalasi akale aja a cigwiriro, opanda zokolekera m'makutu, amene oweruza ena a nthawi ya Apwitikizi ankayenda nawo m'thumba. Ankawakweza ndi dzanja powerenga, n'kuwatsitsa akamaliza. Anali oonera pepala lapafupi, osati nkhope ya munthu.

Agogo athu ambiri sanaime n'komwe pamaso pa magalasi amenewo. Mpaka 1961, lamulo la Indigenato linkapereka milandu ya eni dziko kwa administradori ndi mafumu omuthandiza, sipayo ali pakhomo ndi mbalamatodya. Mawu awo ankadutsa mwa womasulira, n'kulembedwa m'Cipwitikizi cimene sakanatha kuwerenga.

Cotero inu amene mumakhala pabwalo lero kuweruza mlandu wa munda, yambani mwamuyang'ana munthuyo n'kumumvetsera. Pepala libwere pambuyo.