Botolo Lotayidwa Lingaŵalitse Nyumba

Ife amene tinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kuno ku Likhubula, tinaphunzira kuŵerenga pa kuŵala kwa koloboyi. Makolo athu ankatenga kabotolo kotha mankhwala, naboola chitsekerero chake, naloŵetsamo chingwe cha nsanza, nathiramo parafini. Utsi wake unkadetsa m'mphuno, komabe ambiri a ife tinakhoza mayeso ndi nyali yomweyo. Akuluakulu aja anadziŵa kuti botolo silitha ntchito tsiku limene zam'kati mwake zatha. Nzeru imeneyo tikuifuna lero koposa kale.

Likhubula ndi chipata cha phiri. Pano pamadutsa alendo opita ku Chambe ndi ku Dziŵe la Nkhalamba, ndipo m'mbali mwa njira anyamata athu akhala akugulitsa zosemasema, makamaka timabokosi tonunkhira ta mkungudza. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi m'chaka cha 1984. Koma pamene akatswiri anayendera phirili m'chaka cha 2017, anangopezamo mitengo yokhwima isanu ndi iŵiri yokha. Mbande zatsopano zikubzalidwa, koma mkungudza sukula usiku umodzi. Nanga manja aluso a ana athu adzagwira chiyani pa zaka zodikirazi?

Pali chinthu china chimene sichisoŵa m'dera lathu: mabotolo agalasi amene sabwezedwa kusitolo. Timaŵapeza kuseri kwa malo ogona alendo, m'ngalande ndiponso m'mphepete mwa mtsinje. Galasi limapangidwa ndi mchenga wosungunulidwa pa moto waukali, ndipo siliwola monga tsamba kapena chiguduli. Likasweka limadikira phazi la mwana wopita kukatunga madzi. M'banja mwathu tinaganiza zoti tiziŵatola ndi kupanga nawo nyali zolendeŵera.

Kapangidwe kake nkosavuta, koma kamafuna mtima wofatsa. Poyamba timaviika botolo m'madzi a sopo kuti pepala limatuke, kenaka timaliumitsa. Ndi kachitsulo kodulira galasi kamene amagulitsa m'masitolo a zipangizo zomangira, timalemba mzere umodzi wokha kuzungulira botolo, chakumunsi. Tikatero timathira madzi otentha pa mzerewo, kenaka ozizira, mosinthanasinthana. Galasi likatentha limafutukuka, likazizira limafwanyala, ndipo pa kulimbana kumeneko limang'aluka potsata mzere uja, tako la botolo nkugwa lokha. Wina likhoza kumuswekera mokhota, asataye mtima. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pomaliza timakhula m'mphepete mwake ndi sandipepala wonyowa kufikira chala chitayendapo osachekeka.

Waya amaloŵera kukamwa kwa botolo, ndipo m'kati timaikamo babu la LED, limene silitentha kwambiri ndiponso silidya mphamvu yambiri. Kabatire ka sola nkokwanira kuyatsa nyali zingapo madzulo onse. Khosi la botolo timalikulunga ndi khonje kapena mlaza wolukidwa. Botolo lobiriŵira limapereka kuŵala kofatsa, lofiirira limaŵala ngati makala a moto, ndipo loyera mbee ndilo labwino poŵerengera. Atatu akalendeŵera pakhonde, lina pamwamba lina pansi, wodutsa sangakhulupirire kuti dzana anali kudzala.

Tichenjezane, abale. Wodula galasi avale magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo ana aang'ono akhale patali. Zidutswa zikwiriridwe m'dzenje lakuya. Magetsi a m'nyumba, a mphamvu ya mavoti 230, tisiyire amisiri ophunzira. Kandulo kapena parafini tisaziyerekeze kupachika pansi pa denga la udzu.

Tsono mawu athu kwa inu makolo anzathu ndi aŵa. Mwana akabwera kunyumba ndi thumba la mabotolo, tisafulumire kumudzudzula kuti akutola zonyansa. Tikhale naye pansi. Ntchitoyi imafuna anthu aŵiri: wina agwire botolo, wina athire madzi. Nthaŵi imeneyo bambo ndi mwana wake amalankhulana zimene sakadalankhulana tsiku lonse, ndipo mayi wodziŵa kuluka mphasa amapeza womusiyira luso lake.

Inunso achinyamata, musanyoze ntchito yoyamba ndi kutola. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Amene amabwera kudzaliona amafuna kubwerera kwawo ndi kanthu kopangidwa ndi manja a kuno. Sitikulonjezani chuma, nyali yagalasi njovuta kunyamula, ndipo si mlendo aliyense adzaigula. Koma eni malo odyera, eni malo ogona ndi mabanja okonzekera ukwati ali pafupi nafe pompano, ndipo onseŵa amafuna zokongoletsa.

Bokosi lililonse la mkungudza linachotsa kanthu m'phiri. Nyali ya botolo imachotsa ngozi m'njira, mtengo nkutsala chiimire. Tiyeni tiyambe ndi botolo limodzi sabata lino, tilipachike pamene ana athu amaŵerengera madzulo.