Wamkulu wa Chicago Bulls kwa ine si Jordan

Kuno ku Mangochi jezi yofiira ya mutu wa ng'ombe siisowa. Muipeza pa kaunjika pamsika wa paboma, pamsana pa akabaza a pa M'baluku, ngakhale pa asodzi a ku Monkey Bay. Ambirife timangoivalira kukongola, koma eni ake ndi Chicago Bulls, timu ya basketball ya ku America.

Timuyi inayamba mu 1966 ndipo inakhala zaka 25 osanunkha chikho cha NBA. Michael Jordan, wa nambala 23 uja, anabwera mu 1984, koma naye payekha sanaphule kanthu. Zaka zitatu zotsatizana, 1988 mpaka 1990, Detroit Pistons inkawatulutsa mu mpikisano. Zinthu zinayamba kuyenda Scottie Pippen atakhwima, komanso Phil Jackson atakhala kochi mu 1989. Anatenga chikho mu 1991, 1992 ndi 1993, n'kudzabwerezanso mu 1996, 1997 ndi 1998 Dennis Rodman atawonjezekera. Mu sizoni ya 1995/96 anapambana magemu 72 mwa 82. Kuchokera 1998 chikho sanachionenso, ngakhale Derrick Rose anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2011 ali ndi zaka 22 zokha.

Ndiye tikamakangana ndi anzanga kuti katswiri wa Bulls ndani, onse amati Jordan basi, nkhani yatha. Pa luso sinditsutsa. Koma ine mtima wanga uli pa Luol Deng.

Deng anabadwira ku Wau, m'dziko lomwe lero ndi South Sudan, mu 1985. Banja lake linathawa nkhondo kupita ku Egypt, kenako ku London. Anasewera Bulls kuyambira 2004 mpaka 2014, ndipo kawiri anasankhidwa kukasewera gemu ya All-Star. Ndalama anapeza, akanatha kungokhala phee kunjako. Koma mu 2019 anakhala mtsogoleri wa bungwe la basketball la South Sudan, dziko lomwe linalibe ngakhale bwalo limodzi la m'nyumba. Anayamba kulipira maulendo a timu ndi ndalama za m'thumba mwake, uku akuitana anyamata obalalika ndi nkhondo kuti adzasewerere kwawo. Mu July 2024 anyamatawa anagonja kwa America ndi poyinti imodzi yokha, 101 kwa 100, kenako ku Olympics ya Paris anagonjetsa Puerto Rico.

Nkhaniyi imandigwira chifukwa kwathu kuno kuchoka ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Mabanja ambiri ali ndi wina ku Joni, ndipo ife amene tinapitako patali ndi sukulu maso ali ku Lilongwe kapena kunja. Kuchoka si tchimo, njala ndi yeniyeni. Tikabwera timabweretsa malata, foni, njinga yamoto, zonse zabwino, koma zimathera pakhomo pathu. Ana ataliatali a ku Makanjira kapena ku Namwera amakula osaponyapo mpira m'ringi.

Sikuti ndi zosatheka. Ku Lilongwe, a Griffin Kalua anayambitsa Bravehearts mu 2015, ndipo timuyi yafika posewera magemu olowera mu Basketball Africa League. Poyambira pake ndi pang'ono: simenti, mapolo awiri, mpira, ndi munthu wobwera masana alionse kudzaphunzitsa ana. Zitatu zoyambazo akhoza kutumiza achimwene ali ku Joni. Chachinayicho chikufuna wina mwa ife.