Loto langa la lole linandifikitsa pa Mchinji Boma

Abale anga a mumsika, ndiyambe ndi kuulula: ine laisensi ndilibe. Koma kutulo, eee, ndine dalaivala wa mbiri. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikulota loto limodzimodzi. Ndili pa chiwongolero cha lole yodzaza matumba a mtedza, ndikudutsa pa Msundwe, Namitete, Kamwendo, amayi anga ali pambali akuwerenga ndalama za m'kansalu. Tikangoona mapiri a Mchinji ndimaponda buleki, koma buleki osagwira. Ndimadzidzimuka thukuta lili kamukamu.

Gwero la lotoli ndikulidziwa. Amayi amagulitsa mtedza ndi nyemba mu msika wa Lilongwe, ndipo phindu lawo limathera pa thiransipoti. Ndiye achimwene anga akhala akundiumiriza kuti tonse titenge ngongole ku banki m'khonde, tigule kapikiapu kakale. Ankafuna yankho pakutha pa mwezi.

Loweruka lina ndinati basi, ndikaone komwe lole yanga imathera. Ndinakwera minibasi, makilomita pafupifupi 110 pa mseu wa M12, titapanikizana anayianayi. Ndinakhala kumbuyo kwa dalaivala n'kumasuzumira mapazi ake ngati mwana wa sukulu.

Boma la Mchinji, lomwe azungu ankalitcha Fort Manning, ndi tauni ya anthu odutsa. Malire a Zambia ali pa mtunda wa makilomita 12 okha, ndipo kuseri kwake kuli Chipata. Pa depoti anyamata a matakisi ndi a kabaza amakukoka malaya: "Boda bwana, boda!" Mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, choti mapepala a maiko onse awiri azidindidwa malo amodzi.

Ndinakafikanso ku siteshoni ya sitima. Njanji inafika pa Mchinji mu 1980, koma kuti ilumikizane ndi Chipata, kamtunda kochepa chabe, anthu anadikira mpaka 2010. Zaka 30 zathunthu! Tsiku limenelo sitima sindinaione, ndinangopeza mbuzi zikudya msipu m'mbali mwa njanji.

Mu msika ndinakhala pansi ndi gogo wina wogulitsa mtedza wosenda pa ndowa, ndipo ndinamufotokozera loto lonse. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwana wanga, mtedzawo umapita nawo kuti? Mtedza umachoka kuno kupita ku Lilongwe. Iwe ukubwera nawo kwa eni ake olima! Bulekiyo isiye kaye, vuto lako geni sukuidziwa."

"Nanga agogo, galimoto tigule kapena ayi?"

"Galimoto imadya ngakhale itaima. Inshuwalansi, matayala, makaniko, zonsezo n'zako. Mtedza uli ndi nyengo yake, koma ngongole ilibe nyengo. Ife kuno timasonkherana anthu asanu, timachita hayala lole imodzi, aliyense amalemba dzina pa matumba ake. Ikafera pa njira, mutu umawawa mwini wake."

Ndinagula mtedza wokazinga, n'kukaima pa mseu wopita ku boda. Mathiraki aatali ankadutsa, ndipo sindinama, mtima wanga unkawatsatira. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkapanga magalimoto a mawaya, n'kumauza anzanga kuti tsiku lina ndidzayendetsa mpaka ku Lusaka.

Nditabwerera ndinawauza achimwene kuti ngongoleyo ine sindisainira. Anakwiya, mpaka lero moni amayankha mokoka. Amayi ayamba kukambirana ndi anzawo atatu a pa benchi zochita hayala galimoto imodzi nyengo yokolola ikafika. Ine ndayamba kusunga pang'onopang'ono za sukulu yoyendetsa galimoto.

Lotolo silinasiye kubwera. Dzana ndinalotanso ndili pa M12, amayi pambali, koma ulendo uno lole inaloza ku Lilongwe. Ndinadzuka tisanafike pa Namitete, ndiye za buleki musandifunse.