Tsiku Limene Mdzukulu Adaphunzitsa Agogo

Mumzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana ku United States, mumakhala Amalaŵi ambiri ndithu. Kumeneko n'kumene gogo wina wa ku Dedza adapita m'chaka cha 2022 kukachezera mwana wake wamkazi. Masabata atatu adatha, koma agogowo ndi mdzukulu wawo wa zaka 11 ankangolekezera pa moni. Mnyamatayo adabadwira konko ndipo Chicheŵa ankachimva mwa apo ndi apo. Agogo Chingerezi ankachidziŵa, koma nkhani yoti akambe naye inkawasoŵa. Tsiku lobwerera kumudzi linkayandikira, ndipo mtima unkawaŵaŵa poganiza kuti achoka ali mlendo kwa magazi awo omwe.

Loŵeruka lina mabanja angapo a Amalaŵi adagwirizana zopita ku bwalo la Four Winds Field kukaonera maseŵera a baseball. Timu ya mumzindamo, South Bend Cubs, ndi imodzi mwa matimu ang'onoang'ono osulirako achinyamata, ndipo kuyambira 2015 yakhala ikusulira timu yaikulu ya Chicago Cubs. Woseŵera wa pagulu la High-A, limene timuyi ili, amakhala ndi makwerero a Double-A ndi Triple-A patsogolo pake asanafike mu ligi yaikulu. Ambiri safikako.

Agogo adakhala pakati pa anzawo ali duu. Anthu akakuwa, iwo sankadziŵa chokuwira. Kufunsa mwana kudawachititsa manyazi, pakuti kwawo mkulu ndiye amafunsidwa. Koma atakumbukira kuti safunsa adadya phula, adamugwira paphewa.

“Mdzukulu wanga, uja akuthaŵiranji?”

Mnyamatayo adatembenuka modabwa, kenaka adayamba kulongosola mosakaniza zilankhulo ziŵiri. Adati timu iliyonse imakhala ndi anthu 9 ndipo maseŵera ali ndi zigawo 9. Womenya akaumenya mpira ndi chibonga amathamanga kuzungulira malo anayi otalikirana mamita pafupifupi 27, ndipo akabwerera pamene adayambira ndiye kuti wapatsa timu yake chigoli. Akauphonya katatu amatuluka. Atatu akatuluka, matimu amasinthana.

“Kodi si raundasi ameneyu?” agogo adatero akuseka. “Mayi ako ankamuseŵera pabwalo la sukulu, opanda nsapato.”

“Amayi? Zoona, agogo?”

Kuyambira pamenepo nkhani sidadukenso. Woponya akaponya, mwanayo ankaŵerenga m'Chingerezi, agogo nkumamubwezera m'Chicheŵa: kamodzi, kaŵiri, katatu. Pofika pakati pa chigawo cha 7, pamene mwa mwambo wa maseŵeraŵa anthu onse amaimirira kudziwongola ndi kuimba, mabanja onse aja adali ataloŵerera kuŵerengako, ana ndi akulu omwe.

Agogo adayang'ana anyamata a m'bwalomo, ena ochokera kutali ngati ku Dominican Republic ndi Venezuela, ndipo adawamvera chisoni. Nawonso adali kwa eni, akuphunzira chilankhulo ndi makhalidwe achilendo popanda chitsimikizo cha maŵa.

Timu ya South Bend idatenga chikho cha Midwest League chaka chomwecho, koma nkhaniyo idawapeza agogo ali ku Dedza. Idadza pa lamya, m'mawu a mdzukulu wawo, amene adayamba ndi kuti, “Mwadzuka bwanji, agogo?” Atamaliza za chikhocho adafunsa ngati angadzamuphunzitse bawo akadzabwera kumudzi. Madzulo omwewo agogo adapita kwa mmisiri kukasemetsa bawo latsopano.