Ku Nakambala, Kumene Madzi Amayesa Nthaka

Woyenda ulendo wocokera ku Lusaka kulowera ku Livingstone m'mwezi wa Seputembala amadutsa thengo louma gwa. Koma akatsika mapiri a Munali ndi kuyandikira Mazabuka, dziko limasanduka lobiriwira. Iyi ndi minda ya nzimbe ya ku Nakambala, kumene fakitale ya shuga inayamba nchito mu 1968.

Mvula kuno imaleka mu Epulo, motero nzimbe zimakhalira madzi a mumtsinje wa Kafue. Makina amawapopera m'ngalande zikuluzikulu, ndipo m'minda yambiri anchito amawatulutsa ndi timapaipi topindika kuti ayende okha pakati pa mizere.

Mukaima m'mbali mwa munda wotere, mudzaona kuti madzi sanama. Pamene nthaka inatumphuka pang'ono, madzi amalambalala, nzimbe nkukhala zazifupi ndi zofota. Pamene inalowa pansi, madzi amaima ngati thamanda; mizu imasowa mpweya, ndipo feteleza amatsukidwa kupita pansi pomwe mizu siifika. Wothirira amakhala pakati pa mavuto awiri. Akatseka madzi msanga, zapamtunda zimafa ludzu. Akadikira kuti zimwe, zam'munsi zimamira. Munda ukatsetsereka kwambiri, madzi amathamanga osalowa m'nthaka, nakokolola dothi kumathero a mzere.

Ncifukwa cake alimi a minda ikuluikulu amasalaza nthaka asanabzale, lero lino ndi mathirakitala otsogozedwa ndi kuwala kwa laser. Ncito imeneyi imafuna nzeru, pakuti kupala kwambiri pamtunda kumacotsa dothi laconde.

Nkhani yake siithera pampanda wa munda. Kumunsi kwa mtsinje womwewu kuli Kafue Gorge, kumene madzi amapanga magetsi, ndiponso mapampu otumiza madzi akumwa ku Lusaka. Cilala ca 2024, pamene mabanja anagona mumdima masiku ambiri, cinaonetsa mtengo wa madziwo. Otayika m'munda wosasalaza anapopedwa ndi magetsi, koma sanabale shuga.

Inu a m'madimba a ku Cipata ndi Katete, lamulo lake ndi lomweli. Musanabzale, tsegulani madzi pang'ono m'bedi, muone pamene aima ndi pamene akana kufika. Pamenepo ndi pofuna khasu.