Ntchito Yoyesa Mawu a Zida

Masiku ano kwabuka anthu amene, pokhala ndi kompyuta ndi changu chokha, amalonjeza eni ntchito kuti adzawayesera mafotokozedwe a zida za ma agent a AI tsiku limodzi ndiponso pa mtengo wozizira; ndipo ine amene ndimadyera ntchito imeneyi sindingathe kukhala chete, pakuti chimene iwo amachitcha kuyesa ndicho kupereka mawuwo kwa makina ena kuti awapatse malikisi, ndipo malikisiwo akakwera amalandira ndalama zawo nachoka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mawu angathe kukhala osalala, koma n'kusocheretsa agent tsiku loyamba la ntchito.

Zoti chida chimakhala ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi JSON Schema yonena zimene chiyenera kulandira, aliyense wa ntchitoyi azidziwa. Kuyambira pamene OpenAI idatsegula njira yoti makina aziitana zida mu June 2023, ndi pamene Anthropic idatulutsa Model Context Protocol mu November 2024, zida zachuluka ndithu. Koma agent saona code imene ili kuseri kwa chidacho, aona mawu okha, ndipo pa mawu amenewo ndi pamene atsamira posankha chochita.

Pamene pamandidyera nthawi ndi pa zida ziwiri zofanana. Taganizani sitolo ya pa intaneti imene ili ndi chida choletsa oda ndi china chobweza ndalama. Kasitomala akalemba kuti katunduyo sakumufunanso, agent asankhe chiti? Ngati mawu a chida choyamba sanena kuti chimagwira ntchito katundu asanatumizidwe, ndipo a chachiwiri sanena kuti ndi cha katundu wofika kale, agent adzangolota, ndipo adzalota molimba mtima. Chifukwa chake ndimayamba ndafuna mawu onena pamene chida sichiyenera kugwiritsidwa ntchito, ndipo kawirikawiri sindiwapeza. Tsono ndimalemba mapempho onga amene anthu enieni amalemba, osalongosoka, ena osowa nambala ya oda, ndi kuwapereka kwa agent mobwerezabwereza, popeza makina amenewa sayankha chimodzimodzi nthawi zonse. Kenaka ndimakhala pansi ndi kuwerenga mbiri yonse ya zimene wachita: chida chimene adaitana, zimene adalemba m'mipata yake, kumene adapunthwa, ndi ngati uthenga wa cholakwa udamuthandiza kudzikonza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpata wotchedwa user umamusiya osadziwa ngati alembe dzina kapena nambala, pamene user_id umathetsa nkhani. Ndimasintha chiganizo chimodzi chokha ndi kuyesanso, ndipo mapempho ena ndimawasunga padera mpaka kumapeto, kuti mawu asakomere mayeso okhawo amene ndawazolowera. A Anthropic omwe adanena mu December 2024 kuti pokonzekera mayeso a SWE-bench adathera nthawi yambiri pa zida kuposa pa malangizo aakulu, ndi kuti agent wawo ankalakwitsa malo a mafayilo kufikira atasintha chida kuti chizifuna adiresi yonse ya fayilo.

Kudekha kumeneku ndidakuphunzira kwa aphunzitsi anga, bambo wachikulire amene ankalemba mabuku a malangizo a makina ma agent asanamveke n'komwe. Ndikalemba tsamba, iwo sankaliwerenga; ankaitana munthu amene sanaonepo makinawo, namupatsa tsambalo, ndipo ine ankandikhazika pakona ndi lamulo lakuti ndisatsegule pakamwa ngakhale munthuyo asochere chotani. Ankanditcha mwana wawo, koma pa lamulo limeneli analibe chifundo, pakuti ankati tsiku limene wowerenga adzatsegula bukulo, mlembi sadzakhalapo kuti afotokoze chimene ankatanthauza. Munthuyo akachoka, ankandifunsa mzere umene udamupunthwitsa, ndipo sankalola kuti ndinene kuti wowerengayo ndiye wosamva. Inde, mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Eni ntchito amalipira olemba code mosanyinyirika, koma mawu amawayesa aulere. Ndikawauza kuti achotse zida zina chifukwa mafotokozedwe onse amadya ma token pa pempho lililonse ndi kusokoneza agent, amakwinya nkhope. Ndikatchula mtengo wanga, amandikumbutsa za aja a tsiku limodzi. Komatu mu April 2025 a Invariant Labs adaonetsa kuti munthu woipa angabise malangizo m'mawu a chida, agent n'kuwamvera mwini wake osadziwa, kotero kuti chida chilichonse chochokera kwa alendo chiyenera kuwerengedwa ndi maso a munthu. Mtengo wanga sindidzautsitsa, pakuti chimene ndimapereka ndi mbiri ya zimene agent adachita mawu asanakonzedwe ndi atakonzedwa, kuti mwini ntchito aweruze yekha.