Duwa la Kucigwa ndi Cisanu ca Kumtunda

M'zigwa zotentha za Luangwa ndi Zambezi mumamera duwa lina lonenepa tsinde ngati kamlambe. Angerezi amalicha impala lily, ndipo akatswiri amalicha Adenium multiflorum, dzina limene Klotzsch analipatsa m'caka ca 1861 atapenda zomera zocokera ku Mozambique. Nyengo yozizira, thengo liri gwa, ilo limayoyola masamba onse nicita maluwa oyera a m'mphepete mofiira.

Kukongola kumeneku ndiko kumalitengera tsoka. Munthu wosamutsidwa pa nchito kucokera kucigwa amalinyamula kunka nalo ku Lusaka, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene usiku wa June ndi July kumazizira kufika pansi pa madigiri 10. Poona masamba alikugwa, iye ayesa kuti ndi ludzu, nayamba kuthirira m'mawa ndi madzulo. Cifundo cotere ndico cimapha. Tsinde lonenepalo ndi nkhokwe ya madzi. Pozizira duwa limagona, mizu siimwa kanthu, ndipo madzi okhala m'dothi lozizira amabvunditsa mizu ndi tsinde lomwe. Mwini amadzazindikira pokhudza tsinde, cala cace cirikulowa monga m'papaya lakupsa.

Wodziwa amaleka kuthirira kuyambira May kufikira kutafunda. Mphika amauika pa khonde loyang'ana kumpoto, pakuti kuno dzuwa la nyengoyo limadzera kumpoto, ndipo khoma limasunga kufunda kwa usana. Usiku wa cisanu amapfunditsa duwalo thumba louma, nacotsa m'mamawa. Pamalo potsika, pafupi ndi dambo, ndipo poipitsitsa, cifukwa mphepo yozizira imatsikira komweko. Ngati kubvunda kwayamba, adule pobvundapo kufikira pamnofu wabwino, nayanike tsindelo mumthunzi masiku angapo asanalibzalenso mumcenga. Akatha asambe m'manja, pakuti madzi ace ndi ululu umene akale ankapaka ku mibvi ndi kuphera nsomba.

Za kutentha nkhawa njocepa. Duwa lobadwira kucigwa siliopa October. Coopsa ndi citini: dzuwa likaciomba cimaoca mizu. Mphika wadothi woboola pansi uposa. Ndiponso duwa limene lakhalitsa mumthunzi lizolowezedwe dzuwa pang'onopang'ono, kuti khungu lace lingapserere.